Rauta, makamera ndi TV zolowa pa intaneti ku Chipata: njira zisanu zozitetezera ndi amene iliyonse ikumuyenera

Zaka zochepa zapitazo, chinthu cholowa pa intaneti m'nyumba ya ku Chipata chinali chimodzi, foni ya m'thumba. Lero ku Kalongwezi, Moth ngakhale ku Kapata mupeza karauta ka MTN, Airtel kapena Zamtel pawindo, TV yoonetsa YouTube, kabokosi ka Android pansi pake, ndi kamera pageti. Chichokereni chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa malaiti maola ambiri patsiku, kwawonjezekanso mainveta a sola amene mwini wake amawaona pa foni. Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu Okutobala 2023, ndipo mbale zake zafika m'maloji ndi m'mafamu kumene netiweki ya foni imavuta.

Chilichonse mwa zimenezi ndi kakompyuta kokhala ndi khomo lake, ndipo ambiri timagula, kulumikiza, n'kuiwala. Amalonda adzakuuzani kuti chitetezo chimagulidwa. Ine ndikuona kuti kuno funso lalikulu si lakuti mugule chiyani, koma lakuti ndani adzachisamalira malaiti akapita, mphenzi ikaomba, ndipo mmisiri ali ku Lusaka.

Tikudziteteza kwa yani?

Woyamba ndi munthu wapafupi. Mnyamata wa nyumba yoyandikana amene anapatsidwa pasiwedi tsiku la maliro, mpaka lero akudya bandulo yanu. Wantchito amene munamuchotsa koma apu ya makamera idakali pa foni yake. Mmisiri amene anamanga makamera n'kuwalembetsa pa akaunti yake. Kuyambira pa Android 10, foni imene yalowa pa Wi-Fi imatha kuonetsa QR code yake, ndiye mmodzi akalowa, anzake onse alowa osakupemphani.

Wachiwiri ndi makina osaka usana ndi usiku. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkayendayenda pa intaneti ikuyesa mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60, monga admin ndi 12345, pa makamera ndi marauta. Imene yatseguka inkalowa m'gulu lake. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho gululo linaukira kampani ya Dyn, imene inkalozera makompyuta ku masamba a pa intaneti, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anavuta kutseguka kwa maola angapo ku America. Eni makamerawo sankadziwa kanthu.

Wachitatu amabwera ali kale m'katoni. Ofufuza anapeza timabokosi ta TV ta Android totchipa, topanda dzina lodziwika, titaikidwa pulogalamu yoipa tisanagulitsidwe n'komwe. Anaitcha BadBox, ndipo mu Juni 2025 FBI ya ku America inachenjeza anthu za mtundu wake wachiwiri. Kabokosi kotere kamabwereketsa intaneti yanu kwa akuba popanda inu kudziwa. Ngati kakulonjeza mpira ndi mafilimu onse aulere, kakayikireni.

Pali chimodzi chimene chimatikomera. Marauta a SIM ndi Starlink ya panyumba nthawi zambiri amagawana adiresi imodzi ya pa intaneti ndi makasitomala ena ambiri, njira yotchedwa CGNAT. Motero makina osaka aja safika mosavuta pakhomo la rauta yanu kuchokera kunja. Koma musagone nazo tulo. Kamera yanu imadzituma yokha kupita ku seva ya kampani imene inaipanga, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti ya apu amaona pabwalo panu ali kulikonse. Ngozi yangosamuka, yachoka pa rauta yapita pa akaunti.

Muyeso wake

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo: wogulira, komanso wa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo bandulo ndi moto umene chipangizocho chimadya pa batire. Katundu yense uyu ndi wochokera kunja ndipo mtengo wake umayenda ndi dola, choncho ndiyerekeza njira ndi njira inzake m'malo molemba makwacha amene mawa asintha. Kupezeka: kodi mungachipeze m'tauni muno, kapena mpaka basi ibwere nacho kuchokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500? Kusamalira: ndani akhudze, kangati, ndipo akasowa zikhala bwanji? Zoopsa: zimene zatsala mukachita zonse, ndi zatsopano zimene njirayo imabweretsa.

Njira yoyamba: kukhwimitsa rauta imene muli nayo kale

Tembenuzani rauta. Pansi pake pali pepala lolembedwa adiresi yolowera, kawirikawiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa timarauta ta Huawei 192.168.8.1. Lembani manambalawo mu Chrome muli pa Wi-Fi yomweyo. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ina ndi ya Wi-Fi, imene mumapatsa alendo. Ina ndi ya admin, yolamulira rauta yonse. Anthu amasintha yoyambayo n'kusiya yachiwiri ili admin. Sinthani zonse, ndipo zisafanane.

Pasiwedi ya admin ili ndi kulemera kwapadera pa rauta ya SIM. Tsamba lake limaonetsa ma SMS obwera pa SIM imeneyo. Ngati nambalayo ndi imene munalembetsa ku mobile money, ku banki kapena pa WhatsApp, aliyense wolowa pa tsambalo akhoza kuwerenga manambala achinsinsi amene akutumizirani. Mu rauta muziika SIM ya intaneti yokha.

Pa mtundu wa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2 ya AES, kapena WPA3 ngati ilipo. WPA3 inabwera mu 2018 ndipo zipangizo zakale zina zimaikana. Mtundu wakale wotchedwa WEP unathyoledwa kalekale. Zimitsani WPS, njira yolowera pa Wi-Fi ndi kabatani kapena nambala m'malo mwa pasiwedi. Nambala yake ili ndi manambala 8, koma mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imaiyesa m'zigawo ziwiri, moti wakuba amangofunika kuyesa kosapitirira 11,000. Zimitsaninso UPnP, imene imalola zipangizo kudzitsegulira makomo pa rauta, ndi Remote Management, yolamulira rauta muli kutali. Ngati pali posinthira DNS, imene imalozera foni ku tsamba limene mwalemba dzina lake, ikani 9.9.9.9 ya Quad9 kapena 1.1.1.2 ya Cloudflare, zimene zimatseka masamba odziwika kuti ndi a akuba. Ina ya Cloudflare, 1.1.1.3, imatsekanso zolaula, chinthu chothandiza pa nyumba ya ana.

Pasiwedi ya Wi-Fi isakhale nambala ya foni imene yalembedwa pa chikwangwani cha shopu, kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Mawu anayi osagwirizana olumikizidwa pamodzi, zilembo 12 kapena kuposa, ndi olimba ndiponso osavuta kukumbukira.

Mtengo: palibe. Madzulo amodzi basi.

Kupezeka: rauta iliyonse imalola zambiri mwa izi. Marauta ena operekedwa ndi makampani a mafoni amabisa posinthira DNS, koma mapasiwedi ndi WPS amasinthika.

Kusamalira: miyezi ingapo iliyonse onani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, ndipo ngati pali foni yachilendo sinthani pasiwedi. Onaninso ngati kwabwera apudeti ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa rauta, ndipo muiike pamene rauta ili pa batire, chifukwa malaiti akapita pakati pa apudeti rauta ikhoza kufa. Kumbukirani kabatani ka reset kumbuyo: munthu akakadina ndi phini, zonse zimabwerera ku pasiwedi ya pa pepala lija. Rauta isakhale pa kauntala pamene makasitomala amafika, ndipo mmisiri akaikonza muyambirenso kukhwimitsa.

Zoopsa: zipangizo zonse zidakali m'chipinda chimodzi. Kabokosi ka TV kakakhala ndi kachilombo, kamatha kuona laputopu ya maakaunti. Chachiwiri, rauta yakale imene kampani yake inasiya kuitulutsira maapudeti singachiritsidwe ndi pasiwedi. Mu 2018 pulogalamu ya VPNFilter inagwira marauta osachepera 500,000 m'mayiko 54, ambiri a m'nyumba ndi m'maofesi aang'ono. Ena amalimbikira kubisa dzina la Wi-Fi kapena kulembetsa ma MAC address (manambala ozindikiritsa chipangizo pa netiweki) a mafoni ololedwa. Musadzivute. Wodziwa amadutsa zimenezi mosavuta, ndipo mafoni a masiku ano amasintha MAC address pa netiweki iliyonse, ndiye amene muzimutsekera kunja ndi mlamu wanu, osati wakuba.

Njira yachiwiri: kugawa netiweki pawiri

Cholinga ndi chakuti zinthu zodalirika zikhale kwazokha, ndipo alendo ndi zipangizo zokayikitsa zikhale kwina. Pali njira ziwiri zochitira.

Yosavuta ndi Guest Network, ngati rauta yanu ili nayo. Imatulutsa Wi-Fi yachiwiri yokhala ndi dzina ndi pasiwedi yake. Onetsetsani kuti chosankha chololeza alendo kuona netiweki ya m'kati n'chozimitsa. Kumeneko ikani alendo, TV, kabokosi ka Android, mapulagi oyatsa ndi foni, ndi ka Wi-Fi ka inveta.

Inayo ndi kuwonjezera rauta yachiwiri, ndipo pano ndondomeko ndi yofunika kwambiri. Chingwe chichoke pa doko la LAN la rauta yoyamba, imene ili ndi SIM kapena Starlink, kupita pa doko la WAN la yachiwiri. Zimene zili kumbuyo kwa yachiwiri zimatha kuona za pa yoyamba, koma za pa yoyamba siziona za kumbuyo kwa yachiwiri. Choncho zamtengo wapatali, monga kompyuta ya ndalama, makina olipirira ndi khadi ndi foni ya mwini, zikhale pa yachiwiri, m'kati. Alendo akhale pa yoyamba. Ambiri amatembenuza: amagulira makasitomala rauta yatsopano n'kusiya ofesi pa yakale, ndipo zikatero makasitomala ndi amene atetezedwa kwa ofesi. Marauta awiriwa asagwiritsenso manambala ofanana. Ina ikakhala 192.168.1.1, inzake ikhale 192.168.2.1.

Mtengo: Guest Network ndi yaulere. Rauta yachiwiri ya wamba ya TP-Link kapena Tenda ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi foni ya pakati, ndipo imadya moto wochepa, mawati osapitirira 10 pa zing'onozing'ono.

Kupezeka: marauta otere amapezeka m'mashopu a mafoni ndi makompyuta m'tauni. Timarauta ta m'thumba tambiri tilibe doko la chingwe, ndipo Starlink ya m'badwo wachiwiri imafuna adaputa yogula padera kuti mulumikize chingwe. Yang'anani musanagule.

Kusamalira: marauta awiri, mapasiwedi anayi, maapudeti a zinthu ziwiri. Ubwino wake ndi wakuti pasiwedi ya alendo mutha kuisintha sabata iliyonse osakhudza ofesi. Lembani mapasiwedi m'buku losungidwa motsekera. Kuiwala kumagwetsa anthu ambiri kuposa akuba.

Zoopsa: zinthu zina zimasiya kuonana. Foni ya pa netiweki ya m'kati ikhoza kukana kutumiza kanema ku TV ya pa netiweki ya alendo, ndipo printa imasowa. Munthu akatopa nazo amabwezera zonse pamodzi, ntchito n'kupita pachabe. Kugawa sikuletsanso kabokosi kodwala kudya bandulo kapena kamera kutumiza zithunzi kunja. Kumangoletsa matendawo kudumphira pa kompyuta.

Njira yachitatu: kusazilowetsa pa intaneti n'komwe

Wogulitsa sadzakuuzani njira iyi, koma pa makamera ndi imene ndimaikonda. Makamera a zingwe olumikizidwa ku kabokosi kosungira kanema kotchedwa DVR kapena NVR amajambula pa hadi disiki popanda intaneti. Mukazula chingwe chopita ku rauta, munthu wa kutali alibe polowera. TV nayonso imaonetsa DStv, GOtv kapena ZNBC popanda Wi-Fi, ndipo inveta imatchaja mabatire popanda apu.

Chifukwa chake n'chomveka. Mu 2014 kunatchuka tsamba lotchedwa Insecam limene linkaonetsa makamera oposa 70,000 a m'mayiko osiyanasiyana, m'zipinda, m'mashopu ndi m'mabwalo a anthu, onse chifukwa eni ake sanasinthe pasiwedi ya ku fakitale. Mu 2019 wofufuza Paul Marrapese anapeza chibowo mu iLnkP2P, pulogalamu imene inali m'makamera otchipa pafupifupi 2 miliyoni a mayina osiyanasiyana. Ngakhale makampani aakulu sapulumuka: Hikvision, yopanga makamera, inatulutsa apudeti mu 2021 yotseka chibowo chachikulu chimene chinkalola munthu kulanda kamera popanda pasiwedi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kampani yodziwika imatulutsa mankhwala, pamene kakamera kopanda dzina kamafa ndi matenda ake. Ku United Kingdom, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo limaletsa kugulitsa zipangizo zotere zokhala ndi pasiwedi ya ku fakitale yosavuta kulota. Katundu wofika m'misika yathu kudzera pa Mwami kapena Nakonde sadutsa m'sefa imeneyo.

Mtengo: makamera a zingwe ndi DVR amadula kuposa kakamera kamodzi ka Wi-Fi, ndipo muwonjezere hadi disiki, zingwe ndi malipiro a mmisiri. Koma pamwezi simulipira kanthu, ndipo bandulo sikhudzidwa. Kamera imene mumaionera pa foni tsiku lonse imadya data kuwiri, ku shopu ndi m'thumba mwanu.

Kupezeka: amisiri omanga makamera alipo m'Chipata, ndipo amafika ku Katete, Petauke ndi Lundazi. Zida zina amaitanitsa ku Lusaka.

Kusamalira: kamodzi pamwezi bwezani kanema muone ngati ikujambuladi. Hadi disiki imafa mwakachetechete, makamaka pamene malaiti akuzimazima, ndipo ambiri amazindikira tsiku limene akubedwa. Onaninso wotchi. Kabatire ka m'kati mwa DVR kakatha, tsiku ndi nthawi zimasokonekera malaiti akapita, ndipo kanema wa deti lolakwika amavutitsa mukapita naye ku polisi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zingwe zazitali za panja zimakoka mphenzi. Chotetezera moto wamphamvu ndi kabatire ka UPS, kopereka moto malaiti akapita, si zinthu zongokometsera.

Zoopsa: wakuba wochenjera amanyamula DVR yomwe, umboni n'kupita nawo. Ibiseni m'kabati yokhoma, kutali ndi TV yoonetsera. Ndipo mwataya chimene ambiri amagulira kamera, kuona shopu muli ku munda kapena ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ngati kuona muli kutali n'kofunikadi, lumikizani, koma akaunti ya apu ilembetsedwe pa imelo ndi nambala yanu, inu muli pomwepo. Pa Hik-Connect, apu ya makamera a Hikvision, chipangizo chimamangidwa ku akaunti imodzi, ena amangogawiridwa. Mmisiri akachimanga pa yake, mwini makamera ndi iye, inu ndinu mlendo. Kumanga makamera okwera mtengo pa akaunti ya munthu wina kuli ngati kuika chitseko chachitsulo pa nkhokwe n'kusiya makiyi kwa kalipentala. Kamera isaloze m'chipinda chogona, ngakhale ikhale ya kampani iti.

Njira yachinayi: rauta ya bizinesi yokonzedwa ndi katswiri

Apa tikunena za MikroTik, ya ku Latvia, imene amisiri a netiweki m'Zambia amaidziwa bwino, kapena zida za Ubiquiti, kapena kakompyuta kokhala ndi pulogalamu ya pfSense kapena OPNsense. Zimenezi zimagawa netiweki m'zigawo zambiri zotchedwa VLAN pa zingwe zomwezo: ofesi kwake, makamera kwawo, alendo kwawo. Zimatha kuletsa makamera kutuluka pa intaneti koma inu n'kumawaonabe muli kutali kudzera pa VPN (njira yobisika yodutsa pa intaneti) yanuyanu monga WireGuard. Kumene kuli CGNAT, pulogalamu ya Tailscale imathandiza kuboola njira yotere. Zimatulutsanso mavocha, kuti mlendo aliyense apatsidwe nambala yake yotha pakapita maola kapena masiku, m'malo mwa pasiwedi imodzi imene imayenda tauni yonse.

Mtengo: kabokosi kakang'ono ka MikroTik sikadula kwambiri kuposa rauta yabwino ya m'nyumba, ndipo maapudeti a pulogalamu yake ya RouterOS ndi aulere. Ndalama zimapita kwa munthu: kukonza koyamba, kumuitana zikavuta, thiransipoti yake ngati muli ku Mfuwe kapena Chadiza. Werengeraninso moto. Starlink yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, ya Mini 25 mpaka 40, ndipo mukawonjeza switch yogawira zingwe ndi ma access point ofalitsa Wi-Fi, batire la sola liyenera kukula.

Kupezeka: zida zambiri ndi zoitanitsa ku Lusaka. Chosowa kwenikweni ndi munthu wodziwa. Womanga makamera kapena wokonza mafoni si katswiri wa firewall (mpanda woteteza netiweki) ayi. Mufunseni akuonetseni malo amene anakonza kale, ndipo mulankhule ndi eni ake.

Kusamalira: iyi ndi njira yolemera koposa. Gwirizanani polemba kuti adzaika maapudeti kangati pachaka. Akupatseni pasiwedi ya admin m'envelopu, fayilo ya zonse zimene wakonza, ndi chithunzi cha pepala choonetsa chingwe chilichonse kumene chikupita. Akakana kupereka pasiwedi, funani wina ntchito isanayambe.

Zoopsa: chida champhamvu chosiyidwa n'choopsa kuposa chida wamba. Mu Epulo 2018 MikroTik inatseka chibowo cha mu Winbox, pulogalamu yake yolamulira rauta. Patapita miyezi ingapo ofufuza anapeza marauta oposa 200,000, ambiri ku Brazil, atalandidwa kudzera pa chibowo chomwecho, chifukwa palibe anaika apudeti. Chinanso, ngati muli ndi fayiba yokhala ndi adiresi yanuyanu ya pa intaneti, chitetezo cha CGNAT chija palibe, ndipo doko lililonse limene katswiri wasiya lotsegula kuti azikonza ali kwawo limaoneka dziko lonse. Ndipo ngati maganizo anu ndi ogulitsa mavocha kwa anthu a m'komboni, imeneyo ndi nkhani ya malamulo a ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi pangano lanu ndi okupatsani intaneti. Funsani musanagule zida.

Njira yachisanu: antivayirasi ndi VPN zolipira

Mtengo: chaka ndi chaka, kawirikawiri m'madola, kudzera pa khadi la ku banki. Zambiri zimadzidulira zokha chaka chikatha, pa mtengo wokwera kuposa woyamba.

Kupezeka: paliponse pamene pali intaneti. Windows ili kale ndi Microsoft Defender, ndipo mafoni a Android ovomerezeka ali ndi Play Protect, zonse zaulere.

Kusamalira: kochepa, bola maapudeti azilowa. Kompyuta imene imazimitsidwa maapudeti poopa bandulo siitetezedwa ndi laisensi. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri a m'maofesi athu ndi a mtundu umenewo.

Zoopsa: sizifika pa kamera, TV, inveta kapena rauta, zimene ndi mutu wa nkhani yathu. VPN yogula imabisa zimene mukuchita kwa mwini Wi-Fi, chinthu chothandiza mukakhala pa netiweki ya eni ake, koma siiletsa munthu kulowa mu akaunti yanu ngati ali ndi pasiwedi. Antivayirasi yothyoledwa imene amakuikirani pa fulashi nthawi zambiri ndi yomwe imabweretsa kachilombo, chimodzimodzi ma WhatsApp osavomerezeka monga GB WhatsApp. Palibenso pulogalamu yoletsa munthu kuuza mlendo wa pa foni PIN yake. Pa zimenezo chothandiza ndi kuyatsa chitsimikizo chachiwiri pa WhatsApp, Gmail ndi Facebook, ndi kunena manambala a atambwali ku ZICTA pa *707#. Pa pulogalamu zotseka mafayilo n'kufuna dipo, mankhwala ndi kukopera mafayilo pa disiki imene imazulidwa n'kusungidwa kwina. Mu Meyi 2022 ngakhale Bank of Zambia inagwidwa ndi gulu la akuba otere lotchedwa Hive, ndipo inakana kulipira.

Ndani atenge iti

Nyumba ya karauta kamodzi, mafoni ndi TV: njira yoyamba yakwana. Ngati pali Guest Network, iyatseni chifukwa cha achibale obwera kudzacheza ndi kabokosi ka Android. Musagule kanthu.

Eni nyumba za lendi amene amagawana Wi-Fi ndi alendi pa bwalo limodzi: njira yachiwiri, ndi rauta yanu m'kati. Pasiwedi ya panja isinthe munthu akasamuka, tsiku lomwelo.

Kantemba ka mobile money, kapena gulosale ya ku Kapata ndi ku Saturday Market: foni ya ntchito ikhale pa data yake, isalowe Wi-Fi ya wina aliyense, ndipo SIM ya ndalama isalowe mu rauta. Kamera ikhale ya njira yachitatu. Ndalama imene mukanagulira VPN mugulire kabatire ka UPS.

Shopu ya feteleza ndi mbewu, holoselo kapena hadiweya yokhala ndi kompyuta ya Smart Invoice ya ZRA ndi makina a khadi: yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu pamodzi, kuwonjezapo disiki yokopera mafayilo. Ngati mwini amakhala pa msewu nthawi zambiri ndipo afuna kuona makamera, agule a kampani yotulutsa maapudeti, pa akaunti yake, pa netiweki ya alendo.

Loji, sukulu yogonera, kiliniki kapena ofesi ya bungwe: njira yachinayi, chifukwa anthu olowa ndi kutuluka ndi ambiri, ndipo mumasunga manambala a NRC, mapasipoti kapena mbiri ya odwala, zimene lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti muziteteze. Koma muilowe pokhapokha mwapeza woisamalira ndipo malipiro ake ali mu bajeti ya chaka. Ngati sanapezeke, khalani pa marauta awiri mpaka apezeke.

Famu ya ku Chipangali kapena Vubwi yodalira sola ndi Starlink, kumene mmisiri amafika patapita masiku: sankhani zimene mwana wa sukulu wa panyumbapo angathe kuzibwezeretsa ndi buku la mapasiwedi m'manja. Rauta yachiwiri ya wamba, makamera osalowa pa intaneti, ndipo ka Wi-Fi ka inveta kazulidwe ngati palibe amene amayang'ana apu yake.